Mtulo, Msonkho ndi Thangata

Mawu akuti mtulo amachokera ku kutula, kutsitsa katundu pamutu. Kale kwa Amang'anja, njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unkaperekedwa kwa mfumu, ndipo mafumu ang'onoang'ono ankatula kwa Lundu, mfumu yawo yaikulu. Koma wotula sankabwerera chimanjamanja. Ankayembekezera kutetezedwa, kuweruzidwa milandu ndi kupemphereredwa mvula. N'chifukwa chake akuluakulu amati mfumu ndi dzala, malo otsika olandira zinyalala za aliyense. Anzeru akale a ku China anafika pomwepa. Buku la Laozi limayerekeza dziko lalikulu ndi kumunsi kwa mtsinje kumene madzi onse amatsikira. Mencius, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankagwiritsa ntchito mneni mmodzi, shi, kutumikira, ponena za dziko laling'ono kwa lalikulu komanso za lalikulu kwa laling'ono: wamng'ono amatumikira chifukwa cha nzeru, wamkulu chifukwa cha umunthu.

Wina anganene kuti uku n'kukometsa mantha chabe, ndipo Mulanje ingamuikire umboni. Mafumu achiyao, Mkanda ndi Matipwiri, atakhazikika mozungulira phiri la Mulanje ndi mfuti zawo, midzi inkatula poopa ukapolo. Ngakhale amishoni a Church of Scotland analawa mphamvuzo pamene anthu a Mkanda anaukira Mulanje Mission mu 1893. Sindikutsutsa. Mencius yemweyo, atafunsidwa ndi wolamulira Teng, kadziko kopanikizika pakati pa maiko aakulu a Qi ndi Chu, anamulangiza kukumba ngalande zozama ndi kumanga malinga, osati kudalira chifundo cha oyandikana nawo.

Komabe mawu amene amamanga mbali ziwiri amapatsa wamng'ono poimira. Mfumu yolandira mtulo koma yosateteza inkadzudzulidwa ndi mawu ake omwewo, ndipo anthu ankasamuka n'kuisiya ndi mabwinja. Msonkho wa nyumba umene boma lachitsamunda la Harry Johnston linabweretsa unalibe khomo lotere, chifukwa kulikonse kumene munthu akanathawira m'dzikomo, msonkho unkamupeza. Choipa koposa chinachitikira thangata. Kuthangata kunali kuthandizana ntchito ya kumunda, wothandizidwa lero n'kudzathandiza mawa. Eni minda ya ku Mulanje ndi Thyolo anasunga dzinalo n'kuchotsamo kubwezerana, moti Alhomwe ochokera ku Mozambique ankagwira ntchito yokakamizidwa ngati lendi ya malo, koma ikutchedwa ndi dzina la chithandizo, mpaka thangata anathetsedwa mu 1962.