Mawu ofunika kwa wodziphunzitsa Chifalansa ndi Chihangare ku Mzuzu

Pamsika wa Taifa mumzinda wa Mzuzu, mayi wogulitsa zitenje amalonjera kasitomala m'Chitumbuka, n'kutembenuka kukanenerera mtengo m'Chiswahili ndi mnzake wobweretsa katundu kuchokera ku Tanzania, kenaka n'kuyankha foni m'Chichewa. Wakabaza wa ku Nkhata Bay amawonjezerapo Chitonga, wa ku Karonga Chinkhonde. Palibe mwa anthuwa amene anakhalira desiki kuti adziwe zonsezi. Anazitola ndi khutu, poti eni ake ziyankhulozo amakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Zimavuta munthu akafuna chiyankhulo chimene eni ake sapezeka pamsika. Chifalansa chimaphunzitsidwa m'sukulu zina za sekondale mpaka kulembedwa pa mayeso a MSCE, ndipo pa Mzuzu University ku Luwinga alipo ochiphunzira. Koma amene chinamuphonya kusukulu amayamba yekha kunyumba. Chihangare ndiye chimasowa ngakhale wopatsana naye moni. Munthu wotere amatsala ndi foni, kope ndi mtima wake. Komabe ntchitoyi ili ndi mawu akeake, ndipo wa ku Mzuzu akawamvetsa amapeza kuti ambiri akutchula zinthu zimene wakhala akuchita chibadwire.

Oyamba ndi mawu a muyeso. Mu 2001 bungwe la Council of Europe linatulutsa makwerero asanu ndi limodzi oyezera luso la chiyankhulo: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Wa A1 amatha kupereka moni, kutchula dzina lake ndi kufunsa mtengo wa buledi. Wa B1 amayenda ulendo payekha n'kufotokoza zimene zamuchitikira. Wa B2 amatha kutsutsana ndi mwini chiyankhulo osachita kusakasaka mawu, ndipo apa m'pamene mayunivesite ambiri a ku France amafuna kuti wophunzira wakunja afike. Satifiketi ya DELF imayesa kuchokera A1 kufika B2, pamene DALF ndi ya C1 ndi C2. Makwererowa amathandiza chifukwa mawu akuti "ndikufuna kudziwa Chifalansa" alibe malire, pamene "ndikufuna kufika A2 mvula isanagwe" ndi ntchito yoti munthu angaiwerengere masiku.

Nthawi nayo ili ndi muyeso. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America, Foreign Service Institute, inawerengera kuti woyankhula Chingerezi amafunika maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti agwire ntchito m'Chifalansa, ndi maola 1,100 pa Chihangare. Pa ola limodzi tsiku lililonse, zimenezo ndi pafupifupi zaka ziwiri pa Chifalansa ndi zaka zitatu pa Chihangare.

Koma chiwerengero chimenecho anachipangira woyankhula Chingerezi. Wakuno ali ndi mwayi umene Mngerezi alibe.

Chihangare, chimene chimayankhulidwa ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni, si chachibale ndi Chifalansa kapena Chijeremani. Abale ake akutali ndi ziyankhulo za ku Finland ndi ku Estonia. Akatswiri amachitcha agglutinative, kutanthauza kuti chimamanga mawu polumikiza aphatikiri ku tsinde, aliyense ndi ntchito yake. Mwana wa Sitandade 7 amazidziwa zimenezi kuchokera ku galamala ya Chichewa. Mawu amodzi akuti "ndimakukonda" ali ndi wochita, nthawi, wochitidwa ndi tsinde. M'Chihangare namonso ndi liwu limodzi, szeretlek. Nyumba ndi ház, nyumba yanga ndi házam, m'nyumba ndi házban, m'nyumba mwanga ndi házamban. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timadalira kwambiri aphatikiram'mbuyo, iwo aphatikiram'tsogolo. Mabuku akamaopseza kuti Chihangare chili ndi ma case 18, ambiri mwa iwo akungogwira ntchito ya pa, ku ndi mu: pamsika, kumsika, mumsika.

Palinso chimene amati vowel harmony, kumvana kwa malembo a liwu. M'nyumba ndi házban, koma m'munda wa maluwa ndi kertben: mphatikiri yemweyo wasintha liwu potsatira tsinde. Mchewa amachita zimenezi osaganizira. Amati kuphikira koma kugonera, kuphikitsa koma kugonetsa. Palibe amene amati "kugonira".

Ngakhale mlowam'malo ő ndi iye weniweni, sasankha mwamuna kapena mkazi. Kawerengedwe nakonso n'kosabisa, munthu akangoloweza kuti s amamveka sh, sz amamveka s, cs amamveka ch, ndipo ny ndi yemwe uja wa mu nyama. Chofunika kutchera khutu ndi timizere ndi timadontho ta pamwamba pa malembo. Kor ndi msinkhu, kór ndi nthenda, kör ndi chinthu chozungulira, monga mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa pamsika pongokweza kapena kutsitsa liwu.

Chifalansa chimabwera ndi mawu ena. Dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi: le livre ndi buku, la maison ndi nyumba. Wofunsa chifukwa chimene nyumba ilili yaikazi amangodzitopetsa. Ndi magulu a mayina basi, awiri okha, pamene Chichewa chili nawo ambiri. Mwana amaphunzira kuti "chitseko chatseguka" ndi "mpando wathyoka" popanda kufunsa chifukwa, ndipo wophunzira Chifalansa nayenso aloweze dzina limodzi ndi le kapena la wake. Tu ndi vous ndiye iwe ndi inu, ulemu womwewo. Sungauze apongozi kuti tu.

Chimene chimamugwetsa ulesi Mmalawi ndi malembo olembedwa koma osatchulidwa. Beaucoup amamveka "boku". Kenaka pali liaison, pamene lembo logona kumapeto kwa liwu limadzuka likakumana ndi lembo la liwu, mwakuti les amis amamveka "lezami". N'chifukwa chake wophunzira ndi maso okha amatha kuwerenga nyuzi koma osamva kanthu pawailesi. Palinso faux amis, abwenzi onyenga: mawu ofanana ndi a Chingerezi koma a tanthauzo lina. Librairie ndi shopu ya mabuku, osati laibulale, ndipo wopempha la monnaie m'sitolo akufuna chenji. Manambala a ku France amachita kuwonkhetsa: 70 ndi 60 kuphatikiza 10, pamene 80 ndi ma 20 anayi. Amene anamvapo agogo akunena kuti makumi asanu ndi awiri sadabwa nazo. Abale a ku DRC, ngati amene ali ku Dzaleka m'boma la Dowa, amangoti septante pa 70 ndi nonante pa 90.

Kudziwa galamala n'kwina, kusunga mawu m'mutu n'kwina. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zambiri zimene munthu waloweza zimathawa m'maola ndi masiku oyambirira, pokhapokha akazibwereza. Apa m'pamene panachokera spaced repetition, kubwereza modumphitsa masiku. Pulogalamu ya pafoni ya Anki imachita zimenezi, koma njira ya Sebastian Leitner ya mu 1972 sifuna bandulo kapena magetsi. Munthu amatenga katoni yaing'ono n'kuigawa zipinda zisanu, n'kudula timakhadi pa kalendala yakale. Kutsogolo amalemba kenyér, kuseri buledi. Khadi limene wakhoza limasamukira chipinda chachiwiri, chimene amachitsegula pakapita masiku angapo; akakhozanso limapita chachitatu, chimene chimadikira nthawi yotalikirapo. Limene walakwa limabwerera chipinda choyamba. Mphindi khumi ndi zisanu m'mawa wozizira wa mu June, madzi a tiyi ali pambaula, zimakwana.

Stephen Krashen wa ku America anatchukitsa mawu akuti comprehensible input, kutanthauza zomva ndi zowerenga zimene munthu akuzimvetsa mbali yaikulu, zongopitirira pang'ono pamene wafika. Umu ndi mmene mayi wa pa Taifa uja anatolera Chiswahili. Wa Chifalansa ali ndi nkhani za mphindi khumi za wailesi ya RFI, Journal en français facile, zimene amaziwerenga modekha n'kuikanso zolembedwa zake pa intaneti. Pulogalamu ya Duolingo ili ndi maphunziro a ziyankhulo ziwiri zonsezi kudzera m'Chingerezi, ngakhale kuti kuwerengera masiku osadumphitsa pa pulogalamuyo sikutanthauza kuti lilime lamasuka.

Pakati pa ulendo pamabwera chimene amati plateau. Amene anakwerapo ku Nyika akudziwa: pokwera umaona kuti ukukwera, koma ukafika pamwamba umayenda mtunda wautali malo akuoneka chimodzimodzi. Ambiri amasiyira apa, cha pa B1, akuganiza kuti mutu wauma, chonsecho mawu akulowabe mwakachetechete.

Za mtima wopitiriza nazonso zinafufuzidwa. Mu 1959 Robert Gardner ndi Wallace Lambert anafufuza ana asukulu ophunzira Chifalansa ku Montreal, n'kusiyanitsa zolinga ziwiri: kuphunzira pofuna phindu, monga ntchito, ndi kuphunzira pofuna kuyanjana ndi eni chiyankhulo. Phindu lilipo ndithu. Chifalansa ndi chimodzi mwa ziyankhulo za ntchito ku SADC, ku COMESA ndi ku African Union, ndipo bungwe la Francophonie linati mu 2022 ochiyankhula anali 321 miliyoni. Boma la Hungary nalo lakhala likulipirira ophunzira akunja kuyambira 2013 kudzera mu Stipendium Hungaricum. Koma Zoltán Dörnyei, katswiri wa ku Hungary amene ankaphunzitsa ku University of Nottingham, anawonjezera mu 2005 kuti chimene chimakoka munthu kwambiri ndi chithunzi cha iye mwini akuyankhula chiyankhulocho. Mtsikana wa ku Chiputula akamadziona m'maganizo akutsogolera alendo a ku France pagombe la Chintheche, sachedwa kutsegula kope.

Wodziphunzitsa wotchuka kwambiri wa ku Hungary ndi mayi Kató Lomb, amene anabadwa mu 1909 ku Pécs n'kumwalira mu 2003. Anaphunzira sayansi, koma anadzakhala womasulira wogwira ntchito ndi ziyankhulo 16. Chirasha anachiphunzira pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse powerenga buku la nthano ndi dikishonale pambali. Iye ankaphunzitsa kuti nthawi ndi chidwi zimachulukitsa zotsatira, pamene manyazi oopa kulakwitsa amazichepetsa.

Njira imeneyi ena anaiyenda chobwera kuno. Wansembe László Menyhárth wa ku Hungary anagwira ntchito ku Boroma pafupi ndi Tete, n'kumwalira ku Zumbo mu 1897. Jean-Louis Jobidon, amene anakhala episkopi woyamba wa Mzuzu mu 1961, anali wa ku Canada woyankhula Chifalansa, ndipo amishonale a gulu lake ankachita kuphunzira Chitumbuka kuti alalikire m'midzi ya kumpoto. Analibe foni kapena Anki. Anali ndi kope ndi anthu owakonza akalakwitsa.

Wowakonzayo ndiye amene wodziphunzitsa wa ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa amamusowa kwambiri. Asankhe chiyankhulo chimodzi n'kuchifikitsa pa A2 asanagwire chachiwiri, apeze mnzake woti azikumana naye Loweruka lililonse kapena kutumizirana mawu pa WhatsApp, ndipo madzulo ano adule makhadi ake khumi oyamba.