Kuyatsa Windows ya pa disiki mkati mwa virtual machine

Kompyuta imodzi imatha kusunga Linux ndi Windows, iliyonse m'chigawo chake cha disiki. Nthawi zambiri wofuna kuchoka pa ina kupita pa inzake amayamba wazimitsa kompyutayo. Koma pulogalamu ya VirtualBox, yomwe ili m'manja mwa kampani ya Oracle kuyambira 2010, imalola Windows ya m'chigawo chija kuyaka Linux ikugwirabe ntchito. Imatero popanga kafayilo ka VMDK, kamene sikasunga mafayilo a munthu koma kamangoloza ku chigawo chenichenicho.

Ngozi yake yagona pomwepo. Chilichonse chimene Windows yalemba chimagwera pa disiki yeniyeni, ndipo Linux ikatsegulanso chigawo chomwecho pa nthawi imodzimodziyo, mafayilo amawonongeka. Windows nayo imaona ngati yasamutsidwira m'kompyuta ina, choncho ingapemphe kuti laisensi yake itsimikizidwenso.