Ziletso za Malonda pa Dziko la Italy, 1935–1936

Ziletso za malonda pa dziko la Italy zinali chilango chimene bungwe la mayiko la League of Nations, limene likulu lake linali ku Geneva, linagamula pamene Benito Mussolini, mtsogoleri wa Italy, anathira nkhondo dziko la Ethiopia pa 3 Okutobala 1935, ankhondo ake atadzera ku Eritrea ndi ku chigawo cha Somaliland chimene Italy ankalamulira. Aka kanali koyamba kuti bungwelo ligwiritse ntchito ndime 16 ya pangano lake, imene inalamula kuti dziko loputa nkhondo mophwanya panganolo liyesedwe loputa onse, ndi kuti onsewo aleke kuchita nalo malonda.

Mlandu wokha sunavute kuweruza, pakuti wolakwa anali poyera. Pa 7 Okutobala akuluakulu a bungwe anatsutsa Italy, mayiko pafupifupi 50 navomereza chigamulocho, ngakhale Austria, Hungary ndi Albania anakana. Kuyambira pa 18 Novembala kunaletsedwa kugula katundu wochokera ku Italy ndi kumugulitsa mphira, miyala ina ya m'migodi, ndi nyama zonyamula akatundu monga akavalo, nyulu ndi ngamila. Zida zankhondo ndi ngongole anali atazitseka kale.

Koma chimene chinapha chilangochi ndi zinthu zimene anazisiya kunja, chifukwa mafuta, malasha ndi chitsulo, zimene popanda izo ndege siuluka ndipo chombo sichiyenda, sizinalowe m'gulu la zoletsedwa. Ndiponso ngalande ya Suez, imene zombo zonyamula asilikali a Italy zinkadzeramo popita ku Nyanja Yofiira, inakhala chitsegukire, ngakhale kuti Britain anali nayo mphamvu yoitseka. Mayiko a m'bungwe anapereka zifukwa, amvekere dziko la America silili m'bungwe ndipo lidzagulitsabe mafutawo, komanso pangano la ku Constantinople la 1888 limafuna kuti ngalandeyo ikhale yotsegukira aliyense, pamtendere ndi pankhondo pomwe. Zifukwazo si zabodza ayi, koma chenicheni chinali mantha. Britain ndi France, poona mphamvu za Hitler zilikukula ku Germany, anafuna kulanga Mussolini popanda kutaya ubwenzi wake, osakumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo mu Disembala 1935, zitaululika kuti Samuel Hoare wa ku Britain ndi Pierre Laval wa ku France anapangana m'seri zopatsa Italy chigawo chachikulu cha Ethiopia, anthu anapsa mtima kotero kuti Hoare anatula pansi udindo wake.

Tisanene kuti ziletsozo sizinalume konse, popeza malonda a Italy ndi mayiko akunja anatsika, golide wosungidwa ndi boma nachepa. Komabe Mussolini anasandutsa mavutowo chida chake, nauza anthu ake kuti dziko lonse lapansi lawaukira, ndipo pa 18 Disembala akazi ambirimbiri, Mfumukazi Elena ya ku Italy ili patsogolo, anavula mphete zawo zaukwati zagolide kupereka ku boma, nalandira zachitsulo m'malo mwake.

Nkhondo inapitirira, ndege zilikuthira mpweya wa chiphe pa ankhondo ndi pa midzi ya anthu wamba, kufikira Addis Ababa, likulu la Ethiopia, anagwa pa 5 Meyi 1936. Mfumu ya Mafumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inaimirira pamaso pa bungwe ku Geneva pa 30 Juni kudandaulira anthu ake. Koma patangopita masiku owerengeka bungwelo linagwirizana zochotsa ziletsozo, ndipo zinatha pa 15 Julayi 1936, zisanakwanitse n'komwe miyezi 8. Italy anatuluka yekha m'bungwelo mu Disembala 1937.