Gitala ya Besi: Precision, Jazz ndi StingRay

Gitala ya besi yamagetsi nthawi zambiri imakhala ndi nsambo zinayi. Pansi pa nsambozo pali pickup, kachipangizo ka maginito ndi waya wokulunga, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala magetsi opita ku ampulifaya.

Precision Bass ya Leo Fender inatuluka mu 1951. Kuyambira 1957 pickup yake ndi yogawika pawiri, mbali iliyonse nsambo ziwiri, ndipo kapangidwe kameneka kamathetsa kaphokoso ka magetsi. Zopotokola zilipo ziwiri basi: ya voliyumu ndi yosinthira kamvekedwe. Mawu ake ndi onenepa, okhazikika pansi pa nyimbo. James Jamerson, woimba besi wa kampani ya nyimbo ya Motown, ankaimba yotereyi. Woyamba kumene kuphunzira sangasokonezeke nayo, ngakhale khosi lake lotambalala limatopetsa wa zala zazifupi.

Jazz Bass inabwera mu 1960 ndi khosi lopyapyala chakumutu, losavuta kuthamangitsapo zala. Ili ndi ma pickup awiri, iliyonse ndi voliyumu yake. Yakufupi ndi khosi imatulutsa mawu ozama, yakumunsi mawu akuthwa, amene woimba besi Jaco Pastorius anatchuka nawo. Vuto la gitalayi n'lakuti mukatsitsa voliyumu ya pickup imodzi, kaphokoso kaja kamabwerera.

StingRay ya kampani ya Music Man, ya 1976, ili ndi pickup imodzi yaikulu ndi zokuzira mawu zam'kati zoyendera batire la mavoti 9. Imamveka mwamphamvu, makamaka pomenya nsambo ndi chala chachikulu, koma batire likafooka mawu amasasa, choncho woimba aziyenda ndi lina lapadera.