Kuchoka pa Sileti Kufika pa Tabuleti: Mbiri ya Zida za Mphunzitsi ku Golomoti

Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, sukulu zinayamba kufalikira m'midzi ya m'chigwa chino, ku Mtakataka mpaka ku Golomoti. Zida za mphunzitsi zinali zowerengeka: katekisimu, sileti, ndi dothi la pabwalo pomwe ana ankalemba zilembo ndi chala. Zotsalazo zinkachokera m'mutu mwake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, maphunziro anayamba kuyenda pa wailesi ya MBC ndi m'makalata a Malawi Correspondence College, yomwe inadzatchedwa Malawi College of Distance Education. Kenaka bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linasenza udindo wokonza silabasi ndi mabuku a mphunzitsi.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, mabuku anaperewera, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. M'zaka zotsatira munakula nzeru ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo: zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, makatoni olembapo mawu, njere za chimanga ndi timitengo. Aphunzitsi ankakumana ku malo awo osulirana luso otchedwa TDC n'kumagawana luso limeneli, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Mu 2008 pulogalamu ya Tikwere inalowetsa wailesi m'kalasi mwenimweni. Mphunzitsi wa pa wailesi ankayambitsa nyimbo kapena funso n'kukhala chete, kuti wa m'kalasi atsogolere ana kuyankha. Wailesi payokha sikanaphunzitsa popanda munthu woima kutsogolo.

Matabuleti anayamba kuyesedwa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndi mapulogalamu a Chichewa a bungwe la onebillion mogwirizana ndi VSO. Mu 2019 onebillion inali m'gulu la opambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, ndipo mu 2023 boma linayambitsa pulogalamu ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Ubwino wake ndi wakuti maphunziro ali kale m'kati, sadikira netiweki.

Kufunika kwa zimenezi kunali kutaonekera kale sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Maphunziro ena anaikidwa pa intaneti, koma ana ambiri a kumudzi anadalira wailesi, ena osapeza kalikonse.

Lero mphunzitsi amene ali ndi foni yamakono angathe kukopera nthano za Chichewa ku African Storybook, malangizo a kaphunzitsidwe ku TESSA, ndi mafunso akale a MANEB omwe anzake amatumizirana pa WhatsApp. Chomutchinga ndi mtengo wa bandulo, netiweki yodukaduka ndi potchajira. Nkhani ya magetsi imawawa kwambiri kuno, chifukwa kuyambira 2022 Golomoti Solar ikupereka mamegawati 20 ku nthambo za ESCOM, pamene sukulu zambiri za kumidzi m'dziko muno zidakalibe magetsi.

Mbiri yonseyi ikuonetsa kuti chida chimapindula chikagwera m'manja mwa mphunzitsi wokonzeka, komanso chikamalankhula chilankhulo cha mwana. Zambiri za pa intaneti zinalembedwera ana a kutali, chikhalirecho chigwa chino chili ndi chuma chake: KuNgoni ya ku Mua, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ikusunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo asodzi ndi alimi athu amadziwa nyanja ndi nthaka. Ma TDC apatsidwe magetsi ndi intaneti, kuti aphunzitsi azikoperako za ena, komanso azilemba ndi kujambula maphunziro awo n'kuwatumiza kwa anzawo a ku Nsanje ndi ku Chipata.