Bwalo la ku Halale

Agogo anga aamuna kuno ku Kasina ankangoti "ku Halale". Anapitako pa unyamata wawo kukasaka ntchito, ngati anzawo ambiri a ku Nyasaland, mzindawo ukutchedwabe Salisbury.

Pakati pa mzindawo pali bwalo lomwe ankakonda kulitchula. Pa 13 Seputembala 1890, gulu la kampani ya Cecil Rhodes linakweza mbendera ya Britain pamenepo. Malowo anadzatchedwa Cecil Square, ndipo tinjira take anatikonza motengera mizere ya mbendera ija.

Ufulu unabwera mu 1980, mzinda n'kukhala Harare mu 1982. Bwalolo lero ndi Africa Unity Square: mitengo ya jakaranda, ogulitsa maluwa, hotela ya Meikles chapafupi.

Koma dzina lokha silimasula pakamwa. Mu Okutobala 2014, mtolankhani Itai Dzamara anayamba kumakhala pabwalopo, kufuna kuti Robert Mugabe atule pansi udindo. Pa 9 Marichi 2015 anthu ena anamugwira akumetetsa ku Glen View. Sanaonekenso mpaka lero.

Kwathu kuno, pabwalo la amfumu ngakhale wosauka amapatsidwa mpata wolankhula. Nanga bwalo la m'tauni, mwini wake ndani?