Mbiri ya mpweya ili pa muzu wa mtedza

Fodya atafalikira m'minda ikuluikulu ya ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970, feteleza wa m'thumba anayamba kuoneka ngati ndiye mwini chonde. Komabe alimi ena sanataye nzeru ya kasinthasintha wa mbewu, poona kuti chimanga chimakondwa pamene panali mtedza. Chifukwa chake chinali chitadziwika kale mu 1886, pamene Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth a ku Germany anasonyeza kuti timibulu ta pa mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba timapatsa mbewuzo nayitrojeni wochokera mumpweya. Mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriya okhala m'timibuluto. Choncho amene amalemeretsa munda wa mtedza ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo mwana woyamba kuphunzira za chiyambi cha moyo ayenera kuyambira pomwepa.

Ntchito ya tizamoyoti ndi yakale kuposa mtengo kapena nyama iliyonse. Poyamba mumlengalenga munalibiretu okosijeni wokwanira kupuma. Mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, omwe ena mwa iwo timawaona lero mu ndere za m'madambo, anayamba kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumatulutsa okosijeni. Zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo mpweyawu unayamba kuchuluka, ndipo lero ndi magawo 21 pa 100 alionse a mpweya umene timapuma. Mwana amene amangomva kuti tizilombo timabweretsa kolera ndi chifuwa chachikulu wauzidwa theka la nkhani, pakuti ngakhale thobwa limene amamwa limasasa chifukwa cha tizamoyo.

Ena amati zimenezi n'zozama kwa mwana wa pulayimale, makamaka m'sukulu zimene zinadzaza kuyambira mu 1994, maphunziro atakhala aulere, ndipo zilibe maikulosikopu. Kusowa kwa zipangizo n'koona, ndipo nambala ya mabiliyoni siilowa msanga m'mutu mwa mwana. Koma phunziroli silifuna kuti mwanayo aone bakiteriya mmodzimmodzi, likufuna kuti aone ntchito yake. Azule mtedza, ang'ambe kambulu ndi chikhadabo, aone kufiirira kwa mkati kosonyeza kuti ntchito ikugwirika. Aike ndere m'botolo la madzi padzuwa, awerenge tithovu tikukwera. Akaona kuti zamoyo zing'onozing'ono zimatenga mpweya wina ndi kutulutsa wina m'munda wa makolo ake, sadzavutika kumvetsa kuti zinachita zomwezo pa dziko lonse kalekale.